Ulendo Wokaona Mitengo

Ku Chinsapo munthu sachoka pakhomo popanda chifukwa chomveka. Ukavala malaya osita n'kutuluka pageti m'mawa, anansi amadziwa kale kuti ndi chimodzi mwa zinthu zowerengeka: maliro, chipatala, ukwati, tchalitchi kapena kosaka ndalama. Awa ndiwo maulendo amene ndalama ya minibasi imaloledwa kutherapo. Kunena kuti banja lonse, agogo ndi adzukulu omwe, likwera maminibasi awiri popita ndi awiri pobwera kuti likaone mitengo, n'kudziputira mafunso. Mlamu wanga wa ku Area 23 atamva anandifunsa mwachifundo ndithu: "Alamu, mitengo yake ndi yotani imene kumudzi kulibe?" Funso labwino, ndipo yankho lake ndi lomwe likundiletsa kuusiya ulendowu. Kumudziko nako mitengo yatha.

Malo amene tikufuna kupitako ndi Lilongwe Botanic Garden, omwe ambiri timangoti ku Botaniki. Ali ku City Centre, kufupi ndi Capital Hill, dera limodzi ndi Nyumba ya Malamulo ndi chiliza cha Kamuzu. Ndi malo aboma. Amawayang'anira ndi a National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987. Munda wa ku Lilongwe ndi wa ku Mzuzu inayamba mu 1989, ndipo wakale kuposa yonse ndi wa ku Zomba, wa mu 1891. Anthu a m'makomboni timadutsa pafupi ndi mpanda wake tikamapita ku maofesi aboma kukalondola mapepala, maso ali pa envulopu. Sizitibwerera m'mutu kuti mkatimo tingalowemo n'kukhala pansi.

Maganizo a ulendowu anabwera chifukwa cha amayi anga. Iwo ndi a ku Malingunde, kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama, ndipo panopa tikukhala nawo m'tauni muno chifukwa miyendo ikuwavuta ndipo chipatala chili pafupi. Tsiku lililonse kusanache, njinga zamakala zimatsika msewu wa Likuni, matumba atasanjikizidwa kupitirira mutu wa wopalasa. Ife timagula, pakuti magetsi ndi odula ndipo sadalirika, gasi naye si wa aliyense. Amayi akamasonkha moto pambaula amatola khala limodzi, kulitembenuza, kuligogoda ndi chikhadabo, n'kunena mtengo umene linachokera. "Ili ndi la mombo, likhalitsa. Ili akunamizani, ndi mango awa, nyemba sizipsa." Sindinawaonepo akuphonya poyerekeza ndi mmene motowo umayakira pambuyo pake. Ana anga amaseka, amayesa agogo awo akuchita matsenga. Koma chimene chimandikhudza n'chakuti mombo umene agogo amautchulawo, anawa anaukumana nawo uli wakuda kale, uli m'thumba. Sanauonepo utaima.

Mitengo imene mwana wa ku Chinsapo, ku Mgona kapena ku Biwi amaidziwa ndi yochepa: mango, papaya, gwafa, mapeyala, keshya, bulugama, malaina. Yonseyi ndi yobwera. Masuku amawadziwa m'beseni la kumsika mu Novembala ndi Disembala, koma msuku weniweniwo, ndi masamba ake aakulu okhakhala, atauona sangauloze. Pamene amayi, mukawafunsa, mutha kuwotha dzuwa tsiku lonse akufotokoza. Muwanga ndi wa mizati, chiswe chimaulephera. Naphini ndi wa mipini ya makasu. Luzi labwino lomangira denga ndi la mombo. Mlombwa ukautema umatuluka utomoni wofiira, umene kale ankapaka pa zipere, ndipo thabwa lake ndi la zitseko zokhalitsa. Masamba a chitimbe ankakulungira chigumu pophika. Msangu umayoyola masamba m'dzinja pamene ina yonse ikubiriwira, n'chifukwa chake chimanga chimachita bwino patsinde pake. Mpoza, nthudza, maye, katope wa m'mphepete mwa mtsinje: zipatso zimene mwana wopita kukadyetsa mbuzi ankakhuta nazo osabwerera kunyumba masana.

Zonsezi amayi anazinenapo kale pakhonde, kangapo konse, ndipo ana amamvetsera mwaulemu kenako n'kuiwala. Sindiwadzudzula. Nzeru zamtunduwu sizilowa ndi makutu okha. Zimafuna khungwa lili m'manja, tsamba ulitikite ndi zala n'kulinunkhiza, uone mthunzi wake mmene wagwera. Kupita nawo ku Malingunde sikungathandize kwenikweni, chifukwa kumene amayi ankatola nkhuni ali mtsikana lero ndi minda ya fodya ndi chimanga, mitengo yakale yatsala kumanda kokha, ndipo kumanda sikopitako ndi ana kukaphunzira. Ku Dzalanyama kwenikweniko, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera usanadzaze madamu a Kamuzu amene timamwa tonse, zinafika poti boma linachita kutumizako asilikali kukalondera nkhalango. Ndiye zodabwitsa zake n'zakuti malo apafupi kwambiri pamene gogo wa kumudzi angaonetse mdzukulu wake mtengo wachilengedwe ali pakati pa mzinda, pafupi ndi maofesi a nduna.

Mbiri ya minda yotereyi si yoyera kwenikweni, ndipo ndi bwino kuidziwa. Munda wa ku Zomba unayambitsidwa ndi Alexander Whyte, m'nthawi ya ulamuliro wa atsamunda, pansi pa Harry Johnston, ndipo cholinga chake sichinali chakuti anthu azikapumako Lamulungu. Anali malo oyeserapo mbewu zobwera, kuona zimene zingamere bwino kuno n'kupindulira atsamunda. Izi zisanachitike, mu 1878, mbande za khofi zinali zitabwera kale ku Blantyre Mission kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Minda ikuluikulu ya ku Britain, monga Kew ku London, inkatumiza ndi kulandira mbewu kuchokera kumaiko onse amene ankawalamulira. Whyte yemweyo ndi amene dzina lake linamatidwa pa mkungudza wa ku Mulanje m'mabuku asayansi, Widdringtonia whytei, ngakhale anthu a m'mphepete mwa phirilo anali kuudziwa kalekale. Mtengowu unalengezedwa kukhala mtengo wafuko mu 1984, koma pofika mu 2017 ofufuza anapeza mitengo yake ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse, ina yonse itachekedwa kapena kupsa. Zimene zikuupulumutsa ndi mbewu zosungidwa ndi mbande zofesedwa m'manazale, ntchito imene mabungwe a minda ya zomera atengapo mbali yaikulu. Choncho chida chimene chinabwera kudzatumikira malonda a eni ake lero ndicho chikusunga zathu. Sindiona chifukwa chokanira thandizo lotere chifukwa cha kumene linachokera.

Tsopano za ulendo weniweniwo, zimene zatidyera madzulo ambiri.

Choyamba ndi ndalama. Kuchokera ku Chinsapo palibe minibasi yokakusiya pachipata. Ukwere ya m'tauni, utsike kudepoti, uoloke chipwirikiti chonse chija uli ndi gogo kudzanja lina ndi mwana kudzanja lina, kenako ukwere ya ku City Centre. A ku Kawale ali ndi mwayi, iwo ndi pafupi, wamphamvu zake atha kuyenda wapansi. Ife tiwerengere mitu: ine, mayi a kunyumba, amayi, ana atatu, wamng'onoyo tim'nyamula pamiyendo ngati kondakitala ali ndi mtima wabwino tsikulo. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa minibasi sukhala malo amodzi, ndipo mafuta akasowa umakwera m'mawa womwewo. Kabaza wa njinga yamoto tam'chotsapo, amayi ananena poyera kuti iwo njinga yamoto adzakwera tsiku limene adzasowe chochita. Kuwonjezera apo pali ya pachipata. Mayi a kunyumba, amene amasunga kabuku ka ndalama zapakhomo, atawerengetsa anandiuza kuti zonse pamodzi zingagule thumba la makala n'kutsalako ya ndiwo. Sananene motsutsa. Anangofuna kuti ndidziwe chimene tikusinthanitsa.

Chakudya sichovuta. Mbatata yophika, mtedza, zitumbuwa, thobwa m'chigubu, madzi akumwa ambiri, ndi zitenje zoyala pansi. Zogula ku City Centre n'za anthu olandira malipiro a ku City Centre. Thumba lotayamo zinyalala tinyamula lathu, chifukwa ndikufuna ana aone kuti pamalo pamene wadyera umachokapo pali mbee.

Nkhani yovuta inali ya tsiku. Mayi a kunyumba ankafuna pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, pamene theka la Lilongwe limathamangira kunyanja ku Senga Bay, ndipo otsala amangokhala pakhomo n'kumaonera zithunzi za anzawo pa WhatsApp. Maganizo awo anali omveka: tchuthi chilipo kale, apongozi awo alemekezedwe, ndipo palibe matope. Inenso Okutobala ndimam'konda, pamene mitengo ya m'tchire imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe n'dontho lomwe, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Koma amayi anakana. "Mwezi umenewo udzu wapsa, pansi pali fumbi lokhalokha. Ana akaona chiyani? Dikirani mvula igwe kawiri katatu." Iwo akuganiza za zinthu zapansi, zimene ine sindinaziganizire: tizitsamba tomera tokha timene ndi ndiwo, chisoso, luni, bonongwe, denje, bowa wotuluka patsinde pa mitengo, ngumbi, maluwa ang'onoang'ono otuluka mvula yoyamba ikangonyowetsa nthaka. Kwa iwo tchire si mitengo yokha. Tagwirizana za Disembala, sukulu zikatsekera, Loweruka, ndipo tidzanyamuke m'mamawa chifukwa mvula ya mwezi umenewo imakonda kubwera dzuwa likapendeka. Nsapato za matope a ku Chinsapo tidzavale popita kusiteji, zabwinozo zidzakhale m'jumbo.

Pali chinthu china chimene ndachita kukhalira pansi ndi amayi. Iwo sayenda opanda kampeni kawo kakang'ono komangidwa pamfundo ya chitenje. Mtengo akauzindikira, dzanja limapita lokha: kusenda kakhungwa, kulawa, kuthyola kanthambi, kukumba kamuzu kokaviika kunyumba. Umu ndi mmene anaphunzirira kwa amayi awo, ndipo ndi mmene amaphunzitsira. Ndinawauza kuti kumene tikupitako zimenezo n'zoletsedwa.

"Ngakhale kakhungwa kokha?"

"Ngakhale kakhungwa, amayi. Mukagwire, mukanunkhize, masamba ogwa pansi mukatole n'kuwaonetsa. Koma mpeni utsale."

"Nanga mtengo wosagwiritsa ntchito ndi wa chiyani?"

Sindinawayankhe msanga chifukwa funsolo si lopusa. M'moyo wawo wonse mtengo unali ndi ntchito, ndipo unkalemekezedwa chifukwa cha ntchitoyo. Anthu a msinkhu wawo ankadziwanso kusenda mbali imodzi yokha kuti mtengo upole, ndi kukwirira muzu ukadulako. Koma malamulo amenewo ankagwira ntchito pamudzi wa mabanja owerengeka ozungulidwa ndi nkhalango. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe. Aliyense wa ife atati asendeko kakhungwa kamodzi mwaulemu wonse, pakutha pa chaka pangatsale zitsa zouma. Aliyense amene anaonapo mtengo wamankhwala wa m'mbali mwa njira, wosendedwa kuzungulira mpaka kufa chiimire, akudziwa zimene ndikunena. Ndiye lamulolo ndikugwirizana nalo, ngakhale ndikuona kuti likudula pakati njira imene nzeru za amayi zimayendera. Ana adzamva kuti khungwa ili limawawa, koma sadzalawa. Theka limenelo ndi lomwe latsala, ndipo ndilitenga.

Ndikamaganiza za ulendowu ndimaganizanso za mmene mzinda wathu unamangidwira. Likulu litasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, mapulani ake anali a mzinda wamitengo: misewu yotakata, nkhalango zosiyidwa dala pakati pa madera, maofesi obisika m'masamba. Mbali imeneyo ilipodi, ndipo ndi yokongola. Koma mthunzi unagwera kumene kuli anthu ochepa. Ku Area 10 ndi ku Area 43 nyumba imodzi ili ndi mitengo yokwana mudzi. Kwathu kuno puloti imodzi ili ndi mabanja asanu, chimbudzi chimodzi, chingwe choyanikira zovala, ndipo mtengo umene unalipo unapita ku uvuni wa njerwa zomangira nyumba ya lendi yachisanu ndi chimodzi. Sindikunena izi monyoza eni mapuloti. Mtengo sulipira lendi. Zotsatira zake timaziona mu Okutobala, malata akatentha mpaka mwana kulephera kugona masana, ndiponso m'dzinja, madzi akasowa chowagwira m'mphepete mwa mitsinje, monga zinachitikira mu Disembala 2017 pamene madzi osefukira anagwetsa nyumba ku Kawale, ku Mchesi ndi ku Kaliyeka. Ngakhale kumbali yamitengoyo zinthu zikusintha. Mu 2021 mitengo ya m'mbali mwa Kenyatta Drive inagwetsedwa kuti msewu ukule, anthu anadandaula, msewu unamangidwa. Malo obiriwira amene ali pakati pa mzinda, pamene puloti ndi yodula chotere, sakhala ndi abwenzi ambiri m'maofesi. Chimene chingawateteze ndi anthu amene amawagwiritsa ntchito ndipo angakwiye atawalandidwa. Ngati a ku Chinsapo, a ku Area 25 ndi a ku Mgona sitinapondemo, tsiku limene adzadulidwe mapuloti tidzangomva pawailesi n'kupitiriza kudya nsima.

Kunena zoona, si onse a m'makomboni amene sadziwako. Alipo amene anatitsogolera. A ukwati amapitako kukajambulitsa, mkwatibwi atanyamula chovala chake kuopa udzu. Ophunzira amapitako ndi mabuku. Ndipo koposa onse, a mapemphero: amayi ndi abambo amene amakaima pansi pa mtengo, Baibulo m'manja, n'kumapemphera mokweza. Ndamvapo anthu ophunzira akuwadandaula kuti amasokoneza bata la malowo, ndipo mwina penapake pafunika kugawana bwino malo. Koma ine sindingawaseke. Munthu wokhala m'chipinda chimodzi, khoma lake logawana ndi banja lina, alibe poti n'kulirira mokweza osamvedwa ndi anansi. Iwowa anazindikira msanga kuti malo aboma ndi awonso, ndipo sanadikire kuitanidwa. Amayi nditawauza za anthu amenewa, ulendo unayamba kuwakomera kuposa kale, ati ndiye kuti ndi malo aulemu.

Msuweni wanga wina ali ku Cape Town, amagwira ntchito yosamalira maluwa panyumba ya azungu, monga achitira Amalawi ambiri kumeneko. Tsiku lina anatumiza zithunzi ali ku Kirstenbosch, munda wotchuka wa m'tsinde mwa Table Mountain umene unakhazikitsidwa mu 1913 kuti usunge zomera za m'dzikomo. Ana anazungulira foni, kusirira. Wathu wa ku Lilongwe sungafanane nawo, ndipo ndawauziratu anawo kuti asakayembekezere za pafoni zija. Ndalama zimene zimapita ku minda iwiriyi n'zosiyana kutalitali. Komabe zinandipatsa maganizo kuti msuweniyo, amene anakhala ku Area 25 zaka zambiri, anakayamba kulowa m'munda wa zomera ali kudziko la eni. Manja a Amalawi akusamalira minda ya Johannesburg ndi Cape Town, pamene wathu tikuudutsa panja pa mpanda.

Dziko lathu lili ndi mitundu ya zomera pafupifupi 6,000, ndipo sindikuyembekeza kuti ana anga akabwereko akudziwa ngakhale makumi awiri. Ndawapatsa ntchito yochepa. Wamkulu, amene ali ku sekondale, adzanyamule kope ndi pensulo, azikalemba zimene agogo akunena pa mtengo uliwonse, ndipo pamene pali chikwangwani akoperenso zolembedwapo, kuti ziwirizo zikhale patsamba limodzi. Wachiwiri amakonda kujambula, ndiye azikajambula masamba. Wamng'onoyo angothamanga, pakuti sanathamangepo pamalo pamene palibe njinga yamoto, ngalande kapena mpanda wa munthu. Ndadziuzanso ndekha kuti ndisakakhale mphunzitsi wamkulu pamenepo. Tikaona mitengo isanu bwinobwino n'kukhala pansi, zakwana. Miyendo ya amayi ndiyo idzalamule mtunda, ndipo akatopa tidzayala chitenje pomwepo. Mayi a kunyumba akufuna kuti pobwerera tidzadutse pa chiliza cha Kamuzu, popeza tidzakhala tafika kale kumeneko ndipo ndalama ya minibasi ndi yomweyo. Mlamu uja wa ku Area 23, atamva za chilizacho ndi thobwa, wati mwina abwera ndi ana ake awiri, koma mitengo akaonera patali.

Chatsala ndi nkhani ya mbande. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndiye ulendo wathu ukugwera pachiyambi pake penipeni. Amayi akufuna kuti pobwerera tidzagule kamtengo kamodzi kwa ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu, ndipo mtima wawo uli pa mbawa. Koma puloti si yathu. Ndinapita kwa eni nyumba, bambo wachikulire amene anapuma ntchito m'boma, n'kuwafotokozera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anayenda nane kuseri kwa nyumba, n'kuloza ndi ndodo yawo chimbudzi, khoma la mpanda ndi waya wa magetsi.

"Mbawa pano ayi, achimwene. Zaka khumi zikubwerazi mizu idzandigwetsera zonsezi, inu mutasamuka kalekale. Ngati gogo akufuna wa kumudzi, apeze wosakula kwambiri. Mpoza ndilola. Pakona apo, ndipo madzi othirira ndi a inu, osati a pampopi wanga."

Nditawafotokozera amayi, anati mpoza wogula sanaumvepo chibadwire, umamera wokha. Atumiza uthenga kwa mng'ono wawo ku Malingunde kuti akaone ngati m'malire a dimba mwatsalako kamodzi koti n'kuzula ndi dothi lake, kadzabwere pa minibasi pamodzi ndi ufa wa mwezi wamawa.